Kuthamangira Kontena ya Amalume

Munthu amene anandilakwira ndi amalume anga enieni, a Kaliwo, mlongo wawo wa mayi anga, mkulu wa mpingo, amene ndinkakhala m'nyumba mwawo ku Smethwick, kufupi ndi Birmingham ku England. Anatenga makatoni anga a mabuku m'galaja ine ndili kuntchito, n'kukawapereka ku kontena yopita ku Malawi, osandifunsa, osandiuza. Anali ataimirira kale kutchalitchi n'kulengeza kuti banja la a Kaliwo likupereka laibulale yathunthu kusukulu ya pulaimale ya kwathu ku Dowa, anthu n'kuwaombera m'manja. Ine kutchalitchiko ndinali nditasiya kupita, ndiye zonsezi ndinazidziwa Loweruka m'mawa, nditakweza chitseko cha galaja n'kupeza pansi pali mbee, pangotsala mizere ya fumbi pamene panali makatoni.

Akanakhala mabuku anga okha, ndikanatukwana, kumenya khoma, n'kudzaiwala. Koma m'katoni imodzi munali chitini cha mabisiketi, ndipo m'chitinimo munali mabuku a gogo Doreen, amene ndinalonjeza kuwabwezera mawa lake, Lamulungu.

Ndifotokoze kaye, poti anthu akamva zoti Limbani amasunga mabuku amayamba aseka. Sukulu ndinalekera Fomu 2 ku Lilongwe, ndipo koleji imene amalume anandilowetsa nditafika kuno sindinathe nayo ndi teremu yomwe. Ntchito yanga inali yonyamula katundu pa vani ya mzungu wina, kuchotsa zinthu m'nyumba za anthu omwalira kapena osamuka. M'nyumba zimenezo ndi mmene ndinayamba kutola timabuku ta m'thumba ta zaka za m'ma 1950, ta mapepala achikasu onunkha chinyezi: nkhani za anthu osochera m'nkhalango, osaka golide m'chipululu, a sitima zomira panyanja. Pachikuto pamakhala mwamuna wa malaya ong'ambika atagwira mfuti, mkazi akukuwa diresi litatsala theka, kumbuyo kwake chinjoka kapena ng'ona.

Chimene chinandigwira ine si zithunzizo ayi. Madala ogulitsa mabuku pa kabuti, msika uja wa Lamulungu wogulitsira zinthu zakale kumbuyo kwa galimoto, anandiuza kuti dzina la pachikuto kawirikawiri limakhala labodza. Kampani inkangopeka dzina limodzi laukali, anthu ambirimbiri n'kumalemba m'dzina limenelo, aliyense kulandira kake n'kuiwalika. Ndiye masewera a anthu otolera mabukuwa ndi ofufuza kuti buku ili analemba ndani kwenikweni. Ndinkawaona madalawo akukangana pamvula, tiyi akuzizira m'manja, wina akuti mlembi uyu amakonda kupha munthu m'mutu woyamba, wina akuti wanama, ameneyo sankadziwa ndi mfuti yomwe. Tsiku lina ndinayankhapo, iwo osandithamangitsa. Chibwerere kuno, malo amenewo ndi oyamba amene munthu anandifunsa maganizo anga.

Gogo Doreen ndinawadziwa titapita kukagwetsa shedi yawo, kanyumba kosungiramo zida, ku Kings Heath. Pa nthawi ya tiyi ndinakhala pakhonde n'kumawerenga, iwo n'kundifunsa kuti ndi buku lanji. Nditati ndi la Kaputeni Rex Marlock, anaseka mpaka kutsokomola, nati Kaputeni ameneyo anagona naye bedi limodzi moyo wawo wonse, ndipo ankaliza mkonono ngati thirakitala. Amuna awo, malemu Len, ankagwira ntchito pang'anjo yosungunulira chitsulo ku Bilston, akaweruka n'kumalemba patebulo la kukhitchini. Ena mwa mabuku a Kaputeni anali a Len, ena a anthu ena, ndipo palibe paliponse pamene zinalembedwa. Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse masana ndinkapita ndi amene ndapeza n'kumawawerengera mokweza, poti maso awo anali atasiya kuona zilembo. Ankamvetsera atatsinzina. Ndikapita masamba angapo ankati, "Ayi bab, ameneyo si Len wanga," kapena ankangondikodola ndi chala kuti ndipitirize. Bab ndi mmene agogo a kuno amaitanira munthu mwachikondi.

A m'chitini aja anali ena. Anali amene kampani inatumizira Len mwiniwake atangosindikizidwa, osapindikapo, zikuto zikadali kuwala. Zilembo gogo sankaziona, koma kufiira ndi chikasu cha pazikutozo ankaziona akayandikitsa kumaso, ndipo buku lililonse ankalidziwa ndi mtundu wake. Anandipatsa kuti ndikawaveke timapulasitiki toteteza, nandiuza kuti chitinicho sichinatulukepo m'nyumbamo, ngakhale mwana wawo wa ku Australia sanamubwerekepo. Timapulasitikito ndinatipeza Lachisanu, ndipo ndi timene ndinali nato m'manja pamene ndinkakweza chitseko cha galaja.

Ndinalowa m'nyumba. Anti, akazi awo a amalume, anali atangofika kuchokera ku shifiti kuchipatala, akadali mu yunifomu, mapazi ali m'beseni. Anandiyankha osandiyang'ana kuti za makatoni ndikafunse eni nyumba, iwo atopa. Katundu yense wa mpingo amasonkhanitsira kwa a Tembo ku Bilston, ndipo amalume analawira mbandakucha. Foni ya amalume inaitana mpaka kuduka. Ndinaimbanso, n'kuzindikira kuti akuona dzina langa n'kumaisiya dala.

Ndinathamangira pa Cape Hill ndi ndalama yapepala yokha, kuiwala kuti mabasi a kuno sabweza chenje. Dalaivala anangoloza kabokosi kake koponyamo ndalama n'kupukusa mutu. Ndinatsika n'kulowa mushopu ya pakona kuti andisinthire, mwini shopu nati sasinthira munthu wosagula. Ndinagula chingamu. Potuluka basi inali itapita, ndikuiona msana ikutsetsereka. Chingamucho ndinachiponya pamsewu, kenako n'kukachitolanso, chifukwa mayi wina wa ngolo ya mwana ankandiyang'ana ngati ndapha munthu.

Ya ku West Bromwich inabwera mochedwa. Ya ku Bilston inakaima ku Wednesbury pamene ankakumba msewu, mbali imodzi yokha ndiyo ikuyenda, okumbawo atatsamira mafosholo. Loweruka m'mawa basi imeneyo imadzaza ndi agogo opita kumsika, aliyense ndi kangolo kake, aliyense kukwera ngati akulowa m'bafa la madzi ozizira, n'kuyamba kufotokozera dalaivala za bondo lake. Ine ndangoima pafupi ndi chitseko, thukuta lili kamukamu m'jekete.

A Tembo ndi munthu wa ku Zambia amene amabwereka Amalawi malo kuseri kwa msika wa Bilston, osungirako katundu wodikira kontena. Ndinawapeza akusesa. Malo onse anali pululu.

"Lole inayenda mailo, mwana," anatero. "Ba Kaliwo baikonkha kuseni-seni. Manje bali ku Felixstowe, balonga."

Ndiye kuti lole inanyamuka dzulo lake, ndipo amalume anaitsatira m'mamawa mpaka kunyanja, mbali inayo ya dziko. A Tembo anati kontena ili pa yadi ina pafupi ndi doko, ndipo aitseka lero lomwe dzuwa lisanalowe, chifukwa lole yoinyamula anaipangana kale. Nditawauza chimene ndikuthamangira anatsamira tsache n'kuyamba kuseka. Anati ine ndine mlendo pa nkhani za kontena. Mlungu wolonga, chilichonse chimene sichinakhomedwe ndi msomali m'nyumba ya Mmalawi chimapita, poti kontena siiyenda ndi mpata. Bambo wina anafunafuna jekete lake la m'chisanu mpaka kukaliona pachithunzi litavalidwa ndi mlamu wake paukwati ku Mzimba. Mayi wina anadzuka kuti aphike tiyi n'kupeza ketulo kulibe. Ine kuseka sindinaseke. Anandilongosolera njira, n'kundipatsa botolo la madzi, nati ndikafika ndisakamenye munthu wamkulu.

Kubwerera ku Birmingham inali basi yomweyo, dzenje lomwelo la ku Wednesbury, mafosholo omwewo. Ku Digbeth, kokwerera makochi a maulendo ataliatali, masiku amenewo kunali ngati chigalaja chamdima, utsi wa dizilo uli tolotolo, chimbudzi cholipira. Mayi wa pawindo anati ku Felixstowe kulibe kochi yolunjika: ndikwere ya ku Cambridge, ndikasinthe ya ku Ipswich, kumeneko ndikafunse basi wamba. Tiketi yake inandidyera ndalama ya chakudya cha mlungu wonse. Ndili pamzere foni inalira, pagalasi n'kubwera dzina la gogo Doreen. Ndinaiyang'ana mpaka inasiya. Ndikanati chiyani? Uthenga umene anasiya ndinaumvera kochi itanyamuka. Ankangofunsa ngati mawa ndibwera nthawi yathu ija, chifukwa mnzawo wa nyumba yoyandikana awagulira keke ya mandimu, ndipo ndisaiwale chitini, pashelefu pakuwachititsa mphwayi kuyang'anapo.

Ndinakhala mpando umodzi ndi bambo wina wachikulire wa ku Jamaica, wa chipewa cha nthenga, wopita kukaona mwana wake ku Cambridge. Tisanafike ndi ku Coventry komwe anandigwira bondo n'kundiuza kuti ndisiye kuligwedeza, mpando wonse ukuvina. Ku Coventry tinaima kudikira dalaivala wolowa m'malo, amene anasowa ngati wapita kukabadwanso, ndipo poti panalibe chochita ndinawafotokozera bambowo zonse.

Anamvetsera bwinobwino, kenako anandifunsa ngati ndikunena mabuku aja mzungu mmodzi amapha anthu akuda mudzi wonse chipewa chake osagwa. Ndinati omwewo. Anati ndiye mwana wa ku Africa akudutsa England yense, m'mimba mopanda kanthu, kukapulumutsa zimenezo? Zinandiwawa chifukwa sankanama. M'mabuku ambiri otere ife timangotuluka m'tchire ndi mikondo, kutong'ola maso, n'kufa. Ena ndinawaponyapo kukhoma. Koma ndinawauza za Len, munthu amene ulendo wake wautali unali wa kunyanja ku Wales, Africa osaionapo ndi pawindo pomwe. Anthu akuda a m'mabuku ake, onyamula katundu wa Kaputeni, amayankhula ngati anzake a pang'anjo ku Bilston. Amadandaula za kapitawo, amatula katundu pakati pa nkhalango n'kunena kuti sanyamuka mpaka amwe tiyi. Ndipo poti Len ankaweta nkhunda, kaya nkhani ili m'chipululu kaya pakati pa nyanja, penapake pamatera nkhunda basi. Tikafika pamene onyamula katundu anyanyala ntchito, gogo Doreen amayamba kumwetulira ndisanamalize chiganizo, n'kundiuza dzina lenileni la kapitawo amene Len ankamunena.

Bambowo anaseka, nati ndiye kuti mzunguyo analemba za kwawo n'kungozipaka makala. Anatulutsa buledi wa nsomba m'thumba n'kundigawira theka. Ndinakana mwamwambo, iwo nati kwawo kukana amamva kamodzi, ndikakananso adya okha. Ndinalandira.

Ku Northampton kunakwera mayi wina wa zikwama ngati akusamuka, n'kuyamba kukangana ndi dalaivala kuti chikwama cha nyali yagalasi sichingapite pansi, chikhala naye pampando. Anakangana mwaulemu, aliyense kuyamba ndi kupepesa, mpaka ndinatsika ndekha n'kunyamula zikwama zonse kuponya m'kati. Ntchito yanga ndi yomweyo. Mayiyo anandithokoza, kenako n'kundiuza kuti ndikanaika chobiriwira pamwamba.

Titadutsa Bedford, pakati pa minda, kutsogolo kunayamba kulira kabelu kosalekeza, fungo la labala wopsa n'kudzaza kochi yonse. Dalaivala anaimika pambali, anazungulira kumbuyo, anabwerako akupukuta manja, n'kulengeza mofatsa kuti ina ikubwera ndipo akupepesa kwambiri. Kufatsa kumeneko ndi kumene kunandipsetsa mtima. Azungu onse anangoti phee, wina kutulutsa nyuzipepala, wina kuluka juzi, ngati kuti chibadwire ankadikira tsiku lodzaima m'munda wa eni. Ndinadikira, ndinadikira, dzuwa likupendeka ndikuliona. Kenako ndinapita kutsogolo n'kumufunsa ngati inayo ikuchokera ku Scotland wapansi. Anati ndikhale pansi. Ndinakweza mawu, ndinamenya chitsulo chogwirira, ndinanena zina zimene sindilemba pano. Anatenga foni n'kunena kuti ndikapitiriza anditsitsa pompo.

Bambo a ku Jamaica aja anabwera n'kundigwira lamba kumbuyo ngati mbuzi ya pamsika.

"Khala pansi, mwana wanga. Iwe ukakuwa kuno sabweretsa kochi, amabweretsa apolisi. Ukagona m'selo, gogo wakoyo adya keke yekha."

Ndinakhala. Mayi wa juzi uja anasuntha chikwama chake kuchichotsa mbali yanga.

Ina itafika tinasamutsa katundu yense, nyali yagalasi ija n'kuyambitsanso mlandu wake. Ku Cambridge tinapeza ya ku Ipswich itapita kale. Bambowo anandigwira chanza n'kupita ndi mwana wawo amene ankawadikira ndi ambulera, ine n'kutsala pansi pa kadenga ka pokwerera, mvula ikuwaza, ana a yunivesite akudutsa panjinga ndi masikafu awo. Ndinayenda uku ndi uku mpaka nsapato zinalowa madzi. Apa m'pamene ndinaganiza zoimba pa foni ya m'bokosi ya pamsewu, kuti dzina langa lisaoneke. Amalume anayankha nthawi yomweyo, ndi mawu awo a kutchalitchi, m'Chingelezi.

"Ndine Limbani, amalume. Musatseke kontena. Ndili m'njira."

Anati ndisawachititse manyazi pamaso pa anthu. Mabuku aja ankangodya nkhungu m'galaja mwawo pamene ana kumudzi akulimbirana buku limodzi kalasi yonse, ndipo ine amene sukulu inandikana, mabuku ndikufuna ndichite nawo chiyani? Ndinawauza kuti enawo atenge, onse, ndawapatsa, koma a m'chitini si anga, ndi a mayi wokalamba amene anandikhulupirira.

"Za m'nyumba mwanga ndizipempha kwa iwe, mwana wa mlongo wanga? Chitinicho tachiona. Zonse takonza bwinobwino."

Ndalama zachitsulo zinatha, foni n'kuduka.

Kochi ya ku Ipswich inali ndi anthu ochepa. Msewu umenewo ndi wa malole a makontena okhaokha, opita kudoko ndi ochokerako, ndipo iliyonse yotipitirira ndinkaitsatira ndi maso ngati ndiyo. Ku Bury St Edmunds tinaima kudikira mnyamata amene anatsika kukagula khofi. Atabwera akuyenda mwachifatse, akuuzira kapu yake, ndinaluma mlomo n'kuyang'ana pawindo.

Ku Ipswich ndinathamanga kuchoka pokwerera pena kupita pena, kufunsa njira kwa anthu a Chingelezi chokoka chimene makutu anga a ku Birmingham sanachizolowere. Nditangopeza basi ya ku Felixstowe foni inaliranso. Ulendo uno ndinayankha, chifukwa ndinaopa kuti mwina agwa m'nyumba. Gogo Doreen anafunsa kuti phokosolo ndi la kuti. Ndinati ndili paulendo pang'ono, koma mawa ndibwera ndithu.

"Mawu akowo ndi a munthu wokwiya, bab. Kaya ndi ndani, usamumenye. Len ankati ukafuna kumenya munthu, kamulembe m'buku, ng'ona imudye."

Ndinaseka mokakamiza n'kudula msanga. Basiyo inkalowa kamudzi kalikonse, kutsitsa munthu mmodzimmodzi. Dalaivala anandisiya pa raundabauti n'kuloza kumene kunkaoneka makireni aatali a padoko, nati ndiyende cha uko.

Yadi ndinaizindikira ndi makutu: Chichewa chokhachokha, kukuwizana, nyimbo za kwaya pawailesi ya galimoto. Kontena inali ikadali yotsegula, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinapuma bwino. M'kati anali atalowetsa kale galimoto n'kuimanga ndi malamba, m'mbali mwake ndi pamwamba pake matiresi, njinga, mafiriji, migolo ya buluu, mpaka kudenga. Azibambo a kutchalitchi, ena ondidziwa, ankakankha matiresi otsiriza. Amalume anali ataima pachitseko, ovolosi pamwamba pa taye, akulamula.

Makatoni anga ndinawaona ali pambali, ophwasulidwa, opanda kanthu. Bambo wina anandiuza mokondwa kuti katoni imawononga malo, ndiye mabuku anawathira m'mipata, pansi pa mipando ya galimoto, m'mafiriji, pakati pa mapoto kuti asagundane. Ndinatsegula firiji imene inali pafupi ndi chitseko. Mabuku anagwera pamapazi panga, mulu, onse ali ngati nkhuku zososoledwa. Panalibe ndi limodzi lomwe la chikuto.

Amalume anafotokoza okha, mosabisa, ngati munthu wonena za ntchito yabwino. Lachinayi posankha katundu kuholo ya tchalitchi, amayi atatsegula makatoni anagwira pakamwa. Zithunzi zolaula zoterozo sizikanapita kusukulu ya ana m'dzina la mpingo, ndiponso m'dzina la a Kaliwo. Ndiye analamula kuti zikuto zonse zichotsedwe, amayi n'kukhala mozungulira tebulo, kung'amba akuimba nyimbo. Guluu wakale sasankha, chikuto chinkapita ndi tsamba loyamba. Zonse zinalowa m'matumba akuda, ndipo galimoto ya zinyalala inadutsa Lachisanu m'mawa. Chitini anachiona chokongola, anaikamo mankhwala a mutu opita kwa achibale.

Ndinakwera m'kontenamo. Sindikumbuka amene ndinamukankha. Ndinkafukula m'mafiriji, m'migolo, kulowetsa mkono pawindo la galimoto, kufuna a mapepala oyera m'mbali, a msana wosathyoka, chifukwa a Len okha ndi amene anali asanapindidwepo. Mwini yadi ankakuwa kuti yonyamula kontena yafika, akufuna kutseka. Azibambo awiri anandikoka miyendo. Ndinatuluka nawo ochepa amene dzanja langa linafika, nditawapanira pachifuwa. Enawo anatsalira kuseri kwa galimoto, kumene sikukanafikika popanda kutsitsa katundu wa mpingo wonse, ndipo panalibe amene akanalola zimenezo. Ndinaima pamenepo ndikuona zitseko zikutsekedwa, chitsulo n'kukhomedwa.

Amalume anabwera pafupi, atatsitsa mawu poti anthu ankaonerera. Anati ndisalire ngati pamaliro, mawu onse alimo, nkhani siikhala pachikuto. Anati osowawo ndikangonena kuti anasochera pa vani kuntchito, azungu sakwiya ndi zinthu zazing'ono. Kenako analoza amene ndinali nawo pachifuwa.

"Anti ako amati mayiyo maso ake saona. Ndiye ukangomupatsa m'manja, adziwa bwanji?"

Ndinalowetsa mabukuwo m'jekete n'kukoka zipi, kuopa kuwagwetsa m'matope, kapena kuchita china ndi manja anga. Azibambo onse anali atasiya zimene ankachita, wina n'kukazimitsa wailesi. Sindinakuwe. Ndinangoyankhula moti aliyense amve.

"Amalume, ndadya kwanu, ndagona kwanu, mwanditchula mbuli pamaso pa alendo ndangokhala chete. Koma bodza lanu ine sindisenza. Mawa mukatuluka m'tchalitchi musavule jekete. Tikwera basi ya ku Kings Heath, mukagogoda nokha, mabukuwa mukawaika m'manja mwawo nokha, n'kuwauza amene anang'amba ndi chifukwa chake. Ine ndikangoima pakhomo. Chingelezi mumachitha, ophunzira ndinu."